Thandala la achemwali

Amuna anga atawatumiza kukaphunzitsa pasukulu ina kufupi ndi Nkope, ine ndinalira ngati ndikupita kundende. Kwathu ndi ku Ntcheu, kumene nsomba tinkaidziwa ili youma kale pamsika, ndipo kutentha kwa ku Mangochi ndinkangokumva m'nkhani za anthu. Miyezi yoyamba ndinkangokhala pakhonde la nyumba ya aphunzitsi, kudzikupiza ndi lichero, kudikira kuti sukulu atseke ndikaone kwathu. Anthu odutsa ankandipatsa moni kuti amadamu, ine n'kumayankha ngati wodwala dzino.

Amene anandichotsa pakhondepo anali mayi wina wachiyao, Msilamu, wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri ndithu. M'mawa uliwonse ankadutsa pakhomo pathu atasenza beseni, ulendo wa kudoko kumene maboti a asodzi amafikira. Tsiku lina anaima n'kundifunsa ngati ndikudwala miyendo. Nditati ayi, anati ndiye nditenge beseni ndiwatsatire, chifukwa mkazi wokhala pansi tsiku lonse amayamba miseche, ndipo miseche m'mudzimo inalimo kale yokwanira. Ndinafuna kupsa mtima koma ndinapezeka ndikuseka. Nditawaitana kuti amayi anakana, amati sanandibereke ndipo ndisawakalambitse msanga. Anati ndiziti achemwali. Ndi mmene ndinkawaitanira, ndipo ndi mmene ndiwatchulire muno.

Kudokoko ndinapeza gulu la amayi oposa makumi awiri oyanika usipa. Ankagula limodzi kwa asodzi, kugawana, aliyense n'kukayanika pathandala lake, ndipo pogulitsa ankasonkhanitsanso kuti ogula a kutauni asamawadyere masuku pamutu mmodzimmodzi. Mathandalawo anali mitengo yozika pansi, pamwamba bango, pabangopo ukonde wakale wa asodzi. Anandanda kuchokera pamjigo kutsikira kumadzi. Loyamba, lomwe linali pamalo osalala bwino pafupi ndi mjigo, linali la achemwali, poti ndiwo anayambitsa zonsezo. Mitengo yake inali ya tsanya. Anawadulira amuna awo kumapiri ali anyamata, n'kuisenza okha umodziumodzi. Mathandala a anzathu chiswe chinkawagwetsa chaka ndi chaka, koma la achemwali chinalilephera. Amuna awowo anali bambo osalankhula zambiri, osoka maukonde, ndipo akamadutsa ankaligwedeza pang'ono thandalalo kuti aone ngati likadali lolimba.

Ntchito anandiphunzitsa ndi achemwali, ndipo sanali mphunzitsi wofatsa. Ankanditcha Mngoni wodya mbewa, amati manja ozolowera kukumba una sangadziwe kugwira nsomba. Ine ndinkawabwezera kuti mbewa ilibe minga. Chimene sankachitira nthabwala ndi mchenga. Beseni lisakhale pansi, manja usambe usanatembenuze usipa, mwera ukayamba kuuluza fumbi uvindikire. Usipa wanga ukauma ankatola kamodzi, kukaika pakamwa, kutafuna pang'onopang'ono akundiyang'ana m'maso. Mano akangoti gwejede ankalavula osanena kanthu, ndipo kusanena kanthuko kunkandiwawa kuposa kukalipa. Tsiku lina anandiuza kuti usipa wa mchenga ndi wa munthu wopanda thandala, woyanika pansi ngati alibe abale. Iwo, amati, chiyambire sanagulitsepo munthu mchenga.

Gululo silinali la malonda okha. Kawiri pa sabata tinkasinja usipa wina n'kuthira m'phala la ana a kumkombaphala, ndipo ana amene ankabwera tsitsi lili lofiira tinkawaona akusintha ndi maso athu. Tinkasesa padoko. Tinamanga chisakasa choti amayi azikhalamo pa tsiku la sikelo m'malo mopsa ndi dzuwa ana ali kumsana. Theka la ife linali Asilamu, theka Akhristu, ambiri a Angilikani. Lachisanu ife tinkatembenuza usipa wa anzathu ali kumzikiti, Lamulungu iwo ankatembenuza wathu. Palibe anakhalirapo msonkhano wa zimenezi, zinkangochitika.

Panalinso mwambo wina umene tinkangouti manja awiri. Mayi akafedwa kapena akadwala, thandala lake silinkakhala lopanda kanthu. Aliyense pochokera kudoko ndi beseni lake ankaima pathandala la mnzathuyo, kutapa manja awiri a usipa, kuwaza pamenepo, n'kupitirira. Wotembenuza wake ankatembenuzanso wa mnzathuyo. Ukauma, wina ankagulitsa wambiri n'kukasiya zomwe wapeza kunyumbako pamodzi ndi ndiwo. Manja awiri ndi kanthu kochepa, sungamve n'komwe kuti beseni lapepuka, koma manja a amayi makumi awiri ankadzaza thandala.

Sindinganame kuti mwambowu sindinkaudziwa. Chaka changa chachiwiri ndinapita padera, ndinagona m'chipatala ku boma, ndipo nditatuluka ndinakhala masabata angapo osafuna kuona munthu. Tsiku limene ndinadzikoka kupita kudoko ndinkayembekezera kupeza thandala langa lili gwa, mwina mbuzi zitakwerapo. Ndinalipeza lodzaza, usipa ukunyezimira. Achemwali anali pambali pake akutembenuza, ndipo sanandipepese kapena kundifunsa za thupi. Anangoti Mngoni wabwera, agwire ntchito yake, iwo atopa kugwirira alesi. Ndinalira pomwepo, iwo n'kumayang'ana kumbali kuti ndilire bwino.

Patapita zaka zingapo kunabwera mlangizi wa za nsomba, mnyamata waulemu, amene anatiuza kuti tikalembetsa gulu lathu kukhala kopaletivu tikhoza kulandira tenti yoyanikiramo usipa. Anatisonyeza zithunzi: nyumba ya pulasitiki yoonekera mkati, yokhala ndi mashelefu, mopanda ntchentche, mopanda fumbi, mvula igwe isagwe usipa n'kumauma. Amene anataya usipa nthawi ya dzinja amadziwa chifukwa chake tinaombera m'manja. Kopaletivu imafuna mlembi, ndipo poti ine ndinafika fomu folo komanso ndinali mkazi wa aphunzitsi, anasankha ine. Amene anatchula dzina langa anali achemwali. Anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Ulembiwo unandikoma, ndisabise. Ndinagula chikwama cha mapepala. Anthu a maofesi akabwera ankafunsa za ine, ine n'kumayankha m'Chingerezi anzanga akundiyang'ana. Malamulo a kopaletivu tinalemba ndi mlangizi uja pakhonde lomwe lija ndinkadzikupizirapo ndi lichero. Anandifunsa zonse zimene gulu limachita pothandiza mudzi. Ndinatchula phala, kusesa, chisakasa cha sikelo. Za manja awiri zinandifika m'mutu, koma ndinaziona zazing'ono, zachimudzi, ndipo sindinadziwe kuti pa pepala la boma ndingazilembe bwanji osasekedwa. Ndinazisiya.

Amuna a achemwali anamwalira mapepala athu ali kale ku boma. Chinali chifuwa, sichinatenge nthawi. Anamwalira m'mawa, pofika masana aikidwa, monga achitira Asilamu, moti ine wozolowera maliro ogona masiku awiri ndinatsala pang'ono kuwaphonya. Ndipamene ndinamva za eda. Mkazi wachisilamu amuna ake akamwalira amakhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzikongoletsa, osapita kumisonkhano, osayendayenda pokhapokha pa vuto lenileni. Achemwali analowa m'nyumba, ndipo m'mawa mwake amayi anayamba kuima pathandala loyamba lija, manja awiri, manja awiri. Nanenso ndinkaima. Zinayenda choncho masabata atatu.

Kenako inafika lole ya zitsulo ndi mapulasitiki. Amisiri anayendera doko lonse n'kunena kuti tenti ifunika malo osalala, opanda mthunzi, apafupi ndi madzi aukhondo. Malo otero analipo amodzi okha, pomwe panali mathandala anayi oyamba. Eni atatu analipo ndipo anavomera. Mwini wachinayi anali pa eda. Mlangizi anandikokera pambali n'kunena kuti amisiriwo sangadikire, sabata ikatha malo asanapezeke tenti ipita ku gulu lina. Ananenanso kuti mashelefu ndi ochepa poyerekeza ndi ife, ndiye oyamba kupatsidwa adzakhala amene akhale nawo pa maphunziro a masiku atatu. Ndinamuuza kuti asadandaule, achemwali ndi anga, ndikalankhula nawo.

Ndinapita masana. Ndinawapeza pamkeka m'nyumba, atafunda nsalu yosaoneka bwino, makutu opanda ndolo, nkhope itachepa. Anakondwa kundiona, anandifunsa ngati usipa wanga ukadali wa mchenga. Ndinawafotokozera za tenti, za mashelefu, za maphunziro. Za thandala ndinati ndinena pomaliza. Ndinawapempha kuti abwere ku maphunzirowo, masiku atatu okha, akhale kumbuyo atafunda, palibe awalankhulitse.

Anapukusa mutu. "Ine ndili pa eda, mng'ono wanga."

Ndinalimbikira. Ndinati kwathu ku Ntcheu tikameta, namfedwa amatenga khasu n'kupita kumunda, moyo suima. Ndinati Mulungu si wouma mtima, angamvetse za masiku atatu. Mawu amenewa ndinawanenadi, kwa mkazi amene amuna ake anali asanathe mwezi m'manda.

Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira potafuna usipa wanga. "Bambo aja anandisunga zaka zonsezi osandimenya ngakhale tsiku limodzi. Miyezi inayi yokhayi ndiwaduliremo masiku atatu chifukwa cha pulasitiki? Pitani mukaphunzire, mudzandiphunzitsa. Thandala langa lilipo, silithawa."

Apo ndi pamene ndinayenera kunena. Koma, ndinene zoona, ndinali nditakwiya. Ndinaona ngati akundivutitsa dala, ine ndikuthamangira zabwino za gulu lonse iwo akuumirira mwambo. Mumtima ndinati mayi ameneyu ndi wamakani, ndipo mkwiyowo unandithandiza kutuluka m'nyumbamo osanena chimene ndinadzera. Ndinatsanzika, iwo anati ndipite bwino, ndipereke moni kudoko.

M'mawa mwake ndinauza amisiri kuti agwetse mathandala anayi aja. Sindinanene kuti achemwali avomera, koma sindinanenenso kuti sindinawafunse, ndipo anzanga anaganiza zimene ndinafuna kuti aganize. Atatu aja anagwa mosavuta. La tsanya linawatulutsa thukuta amuna anayi, anachita kukumba mozungulira mtengo uliwonse. Amayi anaima chapatali atagwira m'chiuno. Mmodzi yekha, mayi wachikulire wa Angilikani amene ankayanika moyandikana ndi achemwali, ndiye anandiyandikira n'kufunsa motsitsa mawu kuti nanga manja awiri tiziwaika pati. Ndinamuyankha kuti tiona tenti ikatha. Mitengo ija ndinati aiunjike kuseri kwa khitchini yophikira phala la ana, kuti eda ikatha tidzaizike pena.

Tenti inatha, ndipo inali yabwinodi. Koma inabwera ndi malamulo ake. Shelefu iliyonse inali ndi nambala ndi mwini wake. Usipa wa munthu wina sunkaloledwa kusakanizidwa ndi wa wina, chifukwa wogula wa kutauni ankafuna kuti thumba likapezeka ndi vuto adziwe kuti lachokera kwa ndani. Lamulo limeneli ndinkaliwerenga ndine pamsonkhano, mokweza. Amene sanapeze shelefu anatsala pa mathandala a kumunsi, odzaza kale ndi usipa wawo. Manja awiri analibenso potera.

Sikuti amayi aja anali oipa mtima. Masabata oyamba ena ankapatula kandiwo n'kukasiya kwa achemwali. Koma kale munthu ankangoima panjira yake, kutapa, n'kupitirira, anzake akuona, ndipo wodutsa osaima ankachita manyazi. Tsopano zinafuna kuti ukumbukire wekha, upatule wekha, uyende mpaka kumtunda kwa mudzi dzuwa lili pamutu, ntchito ikukudikira. Opita anayamba kuchepa. Ine ndinkati nkhaniyi ndiiika pamsonkhano wotsatira, koma msonkhano uliwonse unali ndi alendo, kapena za wogula, kapena mkangano wa mashelefu. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Kunyumba kwa achemwali sindinapitenso. Ndinkadziuza kuti ndatanganidwa, koma chenicheni n'chakuti ndinkaopa nkhope yawo. M'mudzi nkhani sigona, ndikudziwa kuti za thandala anazimva tsiku lomwelo. Sanatumize mawu alionse.

Mvula itayamba nkhuni zinavuta. Tsiku lina tinali ndi alendo ochokera ku Lilongwe odzaona tenti, ine ndili pakati pawo ndi chikwama changa, pamene mayi wophika phala anandikodola. Anati nkhuni zonse zanyowa, ana akhala kale pamzere ndi makapu, kodi angatengeko mitengo ili kuseri kwa khitchini. Ndinkadziwa kuti ndi mitengo iti. Ndinali ndi nthawi yoti ndiganize, ngakhale inali yochepa. Koma alendo ankayembekezera kuona ana akumwa phala, ndipo ndinali nditawauza kale za phalalo monyadira. Ndinati atenge umodzi. Tsanya amayaka bwino ngakhale kunja kukugwa mvula, ndipo makala ake sazima msanga. Ophika anaukonda. Sanabwerenso kudzandifunsa za wachiwiri, ndipo ine podutsa kukhitchiniko ndinkayang'ana kumbali.

Eda inatha mvula ili pakati. Achemwali anatsika kudoko m'mawa, atasamba, atavala nsalu yatsopano, ndolo zabwerera m'makutu, beseni lopanda kanthu lili pamutu. Anali ataonda kwambiri. Amayi anawathamangira, kunali kukumbatirana ndi moni wa Chiyao, ndipo iwo anayankha aliyense. Ine ndinatuluka mu tenti. Anandipatsa moni ngati tinaonana dzulo. Anapempha kuti ndiwaonetse mkati. Anavula patapata pakhomo, anasamba m'manja, anayenda pakati pa mashelefu akuyang'ana. Anatola kausipa kamodzi pa shelefu yanga n'kutafuna. Anati kalibe mchenga, Mngoni waphunzira.

Titatuluka anaima pambali pa mjigo, pamene panathera pulasitiki, n'kuyang'ana pansi kanthawi. Sanandifunse chifukwa chake sindinawauze. Ndikanakonda akanandifunsa, akanandilalatira pamaso pa onse, mwina ndikanapepukidwa.

"Malowa munachita bwino, tenti yakhala pabwino," anatero. "Mitengo ija munaiika pati? Ndikufuna ndikaizike kuseri kwa nyumba, ndizikayanika konko."

Amayi onse anayang'ana pansi. Wophika phala uja anazemba. Panalibe wina woti ayankhe koma ine, ndipo ndinawauza. Ndinatchula za mvula, za nkhuni zonyowa, za ana. Za alendo sindinatchule.

Achemwali anafunsa kuti, "Yonse?"

"Yonse, achemwali."

"Ana anamwa phala?"

"Anamwa."

"Basi. Bambo aja ankakonda ana."

Anasenza beseni lawo lopanda kanthu n'kubwerera kumtunda. Sanalire, sanafulumire. Palibe anawatsatira, ndipo ine ndinangoima ndi chikwama changa cha mapepala.

Madzulo ake ndinapita kwawo. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinati shelefu yanga tigawane pakati kapena aitenge yonse. Anati mu tenti mukutentha, maso awo sangapirire. Ndinati gulu liwamangira thandala lina kumunsi, la bulugamu. Anati tisavutike, bulugamu ndi chakudya cha chiswe. Ankalankhula mwaulemu, kundiitana amadamu. Chichokereni tsiku lija anandichotsa pakhonde anali asanandiitanepo choncho. Ndinadziwa kuti madzi atayika.

Pambuyo pake ndinamva mmene anakhalira miyezi itatu ija. Anagulitsa mbuzi zawo, kenako maukonde amene amuna awo anasiya asanamalize kusoka. Masiku ena ankadya kamodzi. Mwana wawo wamkazi, wokwatiwa ku Chembe, atabwera n'kuona zimenezi anati amayi ake sangakhalenso okha pakati pa anthu otere. Anabwera kudzawatenga pa tsiku limene ine ndinali ndi maphunziro ku boma. Tsikulo ndinkalidziwa. Ndikanatha kutumiza wina ku maphunzirowo, koma ndinakwera minibasi m'mamawa.

Kopaletivu inakula, ndipo sindingainyoze. Usipa wathu unafika m'masitolo a kutauni uli m'mapaketi. Amayi anafolera nyumba ndi malata, ana a anzanga ena anafika ku sekondale, phala la kumkombaphala linayamba kuphikidwa masiku onse a sukulu. Alendo akabwera ankandiimiritsa kuti ndifotokoze mmene kopaletivu imathandizira mudzi, ine n'kumafotokoza bwinobwino, iwo n'kumalemba. Patapita chaka ndinaika manja awiri m'malamulo. Tinaika beseni pakhomo pa tenti loti wofedwa kapena wodwala tizimuponyeramo. Linkadzaza tsiku limene ndaima pakhomopo ndikuyang'ana. Ndikachokapo linkakhala ndi tiusipa towerengeka pansi pake, ndipo ena ankadandaula kuti mlembi wabweretsa msonkho. Sindinawadzudzule. Chimene ankachita okha popanda wowauza ndinachigwetsa ndine.

Ku Chembe si kutali. Ukafika ku Monkey Bay watsala pang'ono. Zaka zonsezo ndinkati ndipita mwezi wamawa, ndinagula ngakhale nsalu yoti ndikawapatse. Nsaluyo inakhala m'sutikesi mpaka inayamba kununkha chinyezi. Ndinkafunsa kwa amayi ogula nsomba oyendayenda m'madoko, iwo n'kumati alipo, akalamba koma alipo. Ndinkakhutira ndi zimenezo ngati kuti ndawaona.

Amuna anga anamwalira ndi matenda a shuga atatsala pang'ono kupuma pantchito. Tinakawaika kwathu ku Ntcheu. Anzanga a kopaletivu anandiperekeza, anandigwira bwino, ndilibe chowadandaulira. Titameta ndinabwerera kudzalongedza katundu, poti nyumba ya aphunzitsi si yako, wina ankaidikira kale. Ndinali pakati pa makatoni masana ena pamene kunja kunamveka odi. Anali mayi wogula nsomba, mmodzi mwa aja ndinkawafunsa. Anandipepesa za maliro, kenako anamasula mfundo ya nsalu yake n'kutulutsa kajumbo kakuda komanga bwino. Anati wachokera ku Chembe, ndipo mayi wina wokalamba atamva kuti akudzera kuno anamugwira mkono.

"Anati ndikakupatseni m'manja mwanu, osati mwa wina. Anati mukauze mng'ono wanga Mngoni kuti awa ndi manja awiri anga."

Ndinamasula. Unali usipa, wokwana manja awiri ndendende. Ndinafunsa ngati achemwali akadayanikabe. Mayiyo anati amagulako pang'ono akapeza mphamvu, kabeseni kamodzi, kuti asamangodalira mkamwini. Anali wothamangira minibasi, sanakhalitse.

Mapoto ndinali nditalongedza kale. Ndinamasula katoni, kutulutsa kapoto kamodzi, kusonkha moto panja. Usipawo ndinautsuka kawiri monga ndinkachitira nthawi zonse, ndinathira tomato ndi mchere. Ndinakhala pakhonde lomwe lija, mbale pamiyendo. Nditangotafuna koyamba mano anati gwejede.

Ndinaleka kutafuna. Ku Chembe doko ndi lodzaza, pena malo a asodzi pena a malo ogona alendo, ndipo mayi wokalamba wobwera kudzakhala kwa mkamwini sangapeze pozika mitengo. Zimenezi ndikanazidziwa kalekale ndikanafuna kuzidziwa. Zaka zonse zimene ine ndinkaonetsa alendo mashelefu oyera, achemwali ankayanika pansi. Munthu amene chiyambire sanagulitsepo mchenga anadziwa bwino zimene zinali m'kajumboko, poti sakanatumiza asanalawe. Anatumizabe, chifukwa ndinali wofedwa ndipo ndi zimene anali nazo.

Sindinalavule. Ndinadya wonse pang'onopang'ono, mpaka msuzi wa pansi pa mbale, pamene mchenga unali wambiri.